Botolo Lopanda Mphamvu

Anthu amene amapanga maseŵera a pa kompyuta ndi pa foni adazindikira kalekale kuti mtima wa munthu sukondwera ndi chinthu chongolandira m'manja. Motero m'maseŵera ambiri amabisamo dala kapangidwe ka zinthu zina. Amakupatsa mitengo, miyala, madzi ndi moto, nakuonetsa kuti chida chakutichakuti chilipo ndithu, koma osakuuza kuti chimapangidwa bwanji. Kwatsalako n'kwako. Ine ndidakumana ndi chinsinsi chotere m'seŵero lotchedwa Minecraft, ndili kwathu ku Chikombe m'boma la Salima, pagombe loyang'anana ndi chilumba cha Mbenji. Ndifuna ndifotokoze mmene tidachitulukira, pakuti njira imene tidatsata idatifikitsa pa chinsinsi china chimene sichipezeka m'foni ya munthu aliyense.

Seŵeroli adaliyambitsa Markus Persson wa ku Sweden m'chaka cha 2009, ndipo mu 2014 kampani ya Microsoft idaligula pamodzi ndi kampani yake ya Mojang pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Pofika mu 2023 makope oposa 300 miliyoni adali atagulitsidwa. Woseŵera amasanduka munthu wa m'dziko lomangidwa ndi timabokosi tokhatokha: mapiri, mitengo, nyanja, ngakhale nkhosa zomwe, zonse n'zamakona. M'dzikomo amafikamo chimanjamanja. Kuti apulumuke usiku woyamba ayenera kugwetsa mtengo, kucheka matabwa ndi kukhoma tebulo lopangirapo zinthu. Tebulolo lili ndi timipata 9, ndipo chimene chituluke chimatsata zimene waika ndi malo amene waziika. Timitengo titatu tondanda mopingasa ndi ulusi uŵiri zimabala ndodo yoŵedzera, ndipo ulusiwo umalandidwa kwa akangaude. Mwana wa msodzi amaseka akaona zimenezi, koma amaŵedzabe. M'zaka zoyambirira seŵeroli silinkamuuza munthu kanthu. Kabuku kosonyeza kapangidwe ka zipangizo kadaikidwamo mu 2017. Komatu ngakhale kabukuko sikanena chilichonse za kafululidwe ka mankhwala a m'mabotolo. Pamenepo mpamene eni seŵero adasiyapo mdima.

Tsono kuti mumvetse kumene anyamata a kunyanja adaitenga nthaŵi yoseŵera, muyenera kudziŵa kayendedwe ka chaka kwathu kuno. Mbenji sali ngati madoko ena a m'nyanja ya Malaŵi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene asodzi ochokera ku Likoma adadzapempha malo kwa mfumu Makanjira ya kuno ku Salima, pachilumbapa pali malamulo amene mfumu ndi nduna zake amasunga kufikira lero. Moŵa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa. Akazi sapondapo. Ndipo mvula ikayamba m'mwezi wa Disembala aliyense amapasula msasa wake nabwerera kumtunda. Chilumba chimatsekedwa kufikira mu Epulo. Nthaŵi imeneyi utaka, umene asodzi amaukola ndi chilimila, umapuma ndi kuchulukana. Ndinene mongodutsa kuti mtundu wina wa utaka akatswiri adaupatsa dzina lakuti Copadichromis mbenjii m'chaka cha 1990, kotero kuti dzina la chilumba chathu likuyenda m'mabuku a anthu amene sadalaŵepo utaka wootcha pamakala.

Miyezi inayi yotseka imeneyi ndi ya khasu m'maŵa, kusoka maukonde masana, ndi madzulo aatali opanda chochita. M'dzinja loyamba kumapeto kwa 2023, madzulo angawo ndidawapereka ku Minecraft. Tinkakumana anthu atatu m'dziko limodzi kudzera pa intaneti: msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, mnzathu wina wophunzira ku Lilongwe, ndi ine pakhonde ku Chikombe, foni itamwa moto wa sola tsiku lonse. Bandulo inkagulidwa ndi msuweniyo, pakuti ndiye adali ndi m'thumba molemererapo.

Usiku wina tidapeza chombo chomira pafupi ndi gombe, ndipo m'chombomo mudali mapu osonyeza pamene padakwiriridwa chuma. Titakumba mchengawo tidafukula bokosi, ndipo pakati pa zitsulo ndi golide padali botolo limodzi lolembedwa kuti ndi mankhwala opumira m'madzi. M'seŵeromo munthu akamira amakhala ndi mpweya wa masekondi 15 okha. Ukatha, moyo umayamba kuchoka. Womwa botolo limeneli amayenda pansi pa nyanja mphindi zitatu ngati ali pabwalo. Tidali titaona kale nyumba yaikulu ya miyala yobiriŵira pansi pa nyanja yakuya, yolonderedwa ndi zinsomba za diso limodzi zolasa ndi kuŵala, ndipo tinkaisirira tili m'bwato pamwamba pake. Botolo limodzi silikadakwanira anthu atatu. Tidayenera kudziŵa kafululidwe kake.

Yankho lidalipo pa intaneti, ndipo tonse tinkadziŵa kuti mphindi imodzi ikadakwana kulipeza. Koma tidapangana kuti tisaliyang'ane. Msuweni wanga ndiye adalimbikira. "Asuweni," adatero, "kuno ku Joni chilichonse ndimauzidwa: nthaŵi yodzuka, poima, ponyamula. Mundilole kamodzi kokha ndipeze kanthu ndekha." Tidamumvera.

Chipangizo chofululira tidachipeza m'kachisi wa mudzi wina wa m'seŵeromo. Chili ndi malo a mabotolo atatu pansi, kampata kamodzi pamwamba koikapo chosakaniza, ndi kampata kena ka mafuta oyatsira. Mafutawo ndi ufa wochokera ku zilombo zamoto za ku Nether, dziko la pansi lodzala chiphalaphala, kumene munthu amaloŵera pa chipata cha miyala yakuda. Ulendo wa kumeneko udatidyera madzulo anayi, ndipo tidabwerako ndi ufawo pamodzi ndi kachomera kofiira konga bowa kotchedwa nether wart, kamene tidakazula m'linga lina kaamba kongoona kuti kadabzalidwa mosamala. Chinthu chobzalidwa m'mizere, tidatero, sichikhala chopanda ntchito.

Ine ndidatenga kope lakale la masamu ndi kulemba mizere itatu: chili m'botolo, chimene taika pamwamba, chimene chatuluka. Lamulo lathu lidali lakuti tisinthe chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse. Poyamba tidaganiza monga ana a asodzi: chopumitsa munthu m'madzi chiyenera kuchokera m'madzi momwemo. Tidayesa nsomba zamitundumitundu ndi udzu wa pansi pa nyanja, koma chofululira chinkazikana. Sizinkakhazikika n'komwe pakampata kaja. Idakhazikika nsomba imodzi yokha, yotchedwa pufferfish, imene imadzitupitsa ngati mpira ikaopsedwa. M'nyanja yathu mulibe nsomba yotere, ndipo m'seŵeromo woidya amadwala ndi ululu wake. Chofululira chidailandira, koma madzi a m'mabotolo adangoti zii, osaŵira. Pamenepo tidadziŵa zinthu ziŵiri: kuti nsomba ndi yomweyi, ndi kuti pakati pa madzi ndi nsombayo pakusoŵa kanthu.

Tidatembenukira ku madzi okhawo. Madzi ndi shuga zidaŵira masekondi 20, nizitulutsa botolo lotchedwa Mundane, ndiko kuti lawamba. Mnzathu wa ku Lilongwe adamwa; sichidachitike chilichonse. Madzi ndi ufa wa mwala woŵala zidatulutsa lotchedwa Thick, ndiko kuti lokandapala. Adamwanso; palibe kanthu. Madzi ndi kabowa kofiira kaja zidatulutsa lotchedwa Awkward, ndiko kuti losalongosoka, ndipo nalonso lidali madzi chabe m'mimba. Mabotolo atatu, maina atatu, mphamvu ayi. Mnzathuyo adati tiwataye m'nyanja, tiyambe njira ina.

Apa mpamene padagona nkhani yonse. Ndidayang'ana m'kope langa nthaŵi yaitali, ndipo funso limene lidandigwira ndi ili: kodi munthu wanzeru angavutikirenji kupanga mitundu itatu ya botolo lopanda mphamvu, naipatsa maina osiyana? Msodzi sadya nyambo yake, komabe sitinena kuti nyambo ilibe ntchito. Mwina botolo lina mwa atatuŵa silidali lakumwa, koma pogona pa chinthu china. Tidawabwezera onse atatu m'chofululira nthaŵi imodzi, lililonse pamalo pake, ndi kuika nsomba yotupa ija pamwamba. Thovu lidayamba kukwera. Atatha masekondi 20, aŵiri adali monga momwe adaliri, koma lachitatu, losalongosoka lija, lidasanduka mankhwala opumira m'madzi. Msuweni wanga adakuwa mpaka ndidachotsa foni kukhutu. Maŵa lake tidapezanso kuti ufa wofiira wa redstone umatalikitsa mphamvuyo kuchoka pa mphindi zitatu kufika pa mphindi 8, ndipo m'nyumba ya pansi pa nyanja ija tidaloŵamo tonse atatu.

Ena amati maseŵera ameneŵa ndi kutaya nthaŵi basi, ndipo ndikaona anzanga ena amene amagona masana chifukwa chochezera foni, sindingawatsutse kotheratu. Koma ine ndidatulukamo ndi chinthu chimene sindidachipeze m'kalasi. M'kapangidwe ka chinthu, chovuta kutulukira si chosakaniza chachilendo ayi. Chovuta ndi sitepe ya pakati imene sionetsa chizindikiro. Munthu wofufuza amasunga chimene chasintha mtundu kapena chatulutsa fungo, nataya chimene chaoneka ngati sichidachite kanthu. Ndipo munthu wokumbukira nayenso amachita chimodzimodzi: amakumbukira moto ndi utsi, naiŵala kudikira.

Agogo anga aamuna, atate a mayi anga, ankakhala pamkeka chapafupi madzulo onsewo, akundiseka kuti ndikuŵedza m'galasi. Nditawafotokozera za botolo lija adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Iwe, zobisika zenizeni wazisiya pakhomo pano. Ukonde wa atate anga sudagulidwe m'sitolo. Adaupota okha ndi bwazi, naunyika m'mankhwala, ndipo unkapirira m'madzi. Ine ndidaona ndi maso, koma nayiloni idafika ndisadagwire ndi manja. Ukawapeze mankhwala amenewo ngati ndiwe katswiri."

Bwazi ndi kamtengo ka m'tchire ka maluŵa ofiirira onunkhira, ndipo muzu wake ukaukanda umamveka ngati mafuta opaka pobinya. Luzi la nthambi zake zanthete ndi lolimba modabwitsa. David Livingstone adaliona ku Tete m'chaka cha 1856, natumiza lina ku London kuti akaliyese, ndipo adalitchula m'buku lake la mu 1857. Makolo a m'mbali mwa nyanja ankasenda nthambizo, kupala luzilo, kuliyanika, ndi kulipota pantchafu kufikira litasanduka ulusi. Ukonde umodzi unkadya miyezi. M'zaka za m'ma 1940 asodzi ambiri adayamba kusolola ulusi wa m'matayala akale a galimoto ndi kulukira maukonde. Kenaka nayiloni, imene idatulukiridwa ku America mu 1935, idafika kunyanja kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo m'badwo umodzi udakwana kuti luso la bwazi lizimirire. Sindiwaimba mlandu makolo amenewo. Munthu amene wakhala miyezi itatu akupota ulusi mpaka ntchafu kusupuka, ukamuonetsa ukonde wopepuka, wosaola, wolukidwa kale, adzaulandira ndi manja aŵiri. Inenso ndikadatero. Chokhacho n'chakuti kusaola kumene tidakukondako ndiko kwatidzetsera vuto lina: ukonde wa nayiloni ukaduka n'kutsalira pamiyala ya pansi, umapitirira kupha nsomba popanda wodzazivuula, pamene wa bwazi unkabwerera kudothi.

Kunyika maukonde m'madzi a makungwa sikudali kwa kuno kokha. Asodzi a ku Scotland ndi a ku Cornwall ankanyika maukonde awo a thonje m'madzi oŵiritsa a khungwa la mtengo wa oak, ndipo pambuyo pake m'mankhwala otchedwa cutch ochokera ku India ndi Burma. M'makungwa ambiri muli chinthu chotchedwa tannin, chomwecho chimene chimafufutira zikopa, ndipo chimatchinjiriza ulusi ku tizilombo toolesa. Chifukwa chake tidali nacho kale. Chimene chinkasoŵa ndi kachitidwe kake pa Chikombe pano: mtengo uti, ukonzedwe motani, ulusi ukhalemo nthaŵi yotani.

Ndidatsegula tsamba latsopano m'kope lomwe lija. Bwazi tidakamupeza kutchire la kumtunda ndi mng'ono wanga, ndipo kupota adatiphunzitsa agogo, pakuti kumeneko manja awo adali asadaiŵale. Za ukonde wathunthu sitidalote n'komwe. Tidangopota tizingwe totalika mkono umodzi. Kenaka ndidayendera madoda atatu a m'mudzi mwathu amene adabadwa nayiloni isadafike. Safunsa adadya phula, koma wofunsa naye amabwerako ndi katundu wosakanikira. Woyamba adati khungwa lake ndi la chitimbe, mtengo uja wa masamba onga phazi la ng'ombe, ndipo ankaliŵiritsa mumphika waukulu. Wachiŵiri adakana, nati ndi utomoni wofiira wa mlombwa. Wachitatu adavomereza chitimbe, koma adati ankathiramo phulusa. Onse atatu ankakumbukira bwino utsi, fungo, ndi manja ofiira a atate awo. Aliyense adalankhula motsimikiza ngati wochitira umboni pabwalo la mfumu.

Sitidasankhe mbali. Tidakonza tizingwe tinayi: kosanyika, konyika m'chitimbe, konyika m'chitimbe cha phulusa, ndi konyika mu mlombwa. Tonse tidatimangirira ku mtengo umene tidazika m'madzi kuseri kwa bango, kumene ana sasambirako, ndipo Loŵeruka lililonse ndinkapita kukatikoka ndi mphamvu yofanana, pomangirira chidebe cha malita 5 chodzaza mchenga.

Apa ndidaona kusiyana kwa nyanja ndi foni. Chofululira cha m'seŵero chimayankha pa masekondi 20, ndipo yankho lake ndi limodzi lero, maŵa ndi chaka chamaŵa, ku Chikombe ndi ku Johannesburg komwe. Nyanja imayankha patapita masabata, ndipo poyankhapo imasakaniza ndi zake: ndere, nkhanu, mafunde a mpoto. Chaka cha 2024 nyanja idakwera kwambiri mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'magombe ambiri, ndipo mtengo wathu uja tidausuntha kaŵiri. Kusiyana kwina n'kwakukulu koposa apa. Chinsinsi cha m'seŵero sichingafe. Chidalembedwa m'kati mwa seŵerolo, ndipo ngakhale oseŵera onse ataiŵala, chidzakhala chikudikira wobwera m'mbuyo. Chinsinsi cha ukonde chidali m'mitu ya anthu a zaka zoposa 80, chogaŵikana zidutswazidutswa, ndipo dzinja lililonse limachotsapo mutu umodzi. Mmodzi wa madoda atatu aja tidamuika m'manda chilumba chisadatsegulidwe.

Yankho loyamba la nyanja lidali loŵaŵa. Kachingwe kosanyika kadaduka, ndipo tonyika tija tidatsatira posakhalitsa, ngakhale tidali tofiira bwino ngati ukonde wa m'nkhani za agogo. Mtundu tidaupeza, mphamvu ayi. Mng'ono wanga adati mwina madodawo adangokometsa zakale monga amachitira okalamba. Ine ndidakumbukira nsomba yotupa itakhala pamwamba pa madzi osaŵira. Anthu aŵiri mwa atatu adatchula chitimbe popanda kupangana, ndipo ulusi udachilandira. Chosakaniza chidali chomwecho. Chinkasoŵa ndi cha pakati, ndipo ndidayamba kuganiza kuti chiyenera kukhala chinthu chosaoneka, chimene mnyamata woonerera atate ake sakadachisunga m'mutu chifukwa padalibe choti aone.

Funso langa lidasintha. Ndidaleka kufunsa kuti ankathiramo chiyani, ndidayamba kufunsa kuti ankagwira ntchitoyo ndani. Agogo adaganiza, nati, "Kunyika ankanyika atate. Koma makungwa ankafika m'manja mwawo atakonzedwa kale. Kafunse alongo anga."

Alongo awowo, agogo aakazi a tsidya la msewu, akhala moyo wawo wonse akuchiona chilumba cha Mbenji m'maŵa uliwonse, koma sadapondepo phazi, pakuti lamulo silikuwalola. Palibe adaganizapo zowafunsa za maukonde, poti maukonde amati ndi nkhani ya amuna. Ndidawapeza akusankha mtedza pa lichero. Nditawaonetsa tizingwe toduka tija adatinunkhiza, natiyang'ana padzuŵa, kenaka adafunsa, "Kodi mudagoneka?"

"Kugoneka chiyani, agogo?"

Adaseka mpaka kutsokomola. "Ana inu! Khungwa limasinjidwa lili laliŵisi, mumtondo, mpaka lifeŵe ngati gaga. Ndinkasinja ndine, ndili kamtsikana, mayi atandidzutsa mbandakucha. Ukasinja umaligoneka mumtsuko wa madzi masiku atatu, osaligwira. Pamoto limapita pambuyo. Ndiye atate akanyika ukonde ankauyanika pamthunzi, pansi pa mtengo, osati padzuŵa. Ukauma ankaunyikanso. Ukauma ankaunyikanso. Achimwene angawo sangadziŵe. Iwo ankabwera pa tsiku la moto, kudzaotcha chimanga m'mbali mwa mphika."

Masiku atatu a mtsuko wongokhala pakona, ndi masiku a ukonde wongolendeŵera pamthunzi: ameneŵa ndiwo adali botolo lathu losalongosoka. Palibe utsi, palibe fungo latsopano, palibe choitanira ana. Madoda aja sadaname ayi; adafotokoza zimene zinkaoneka. Zosaonekazo zidasungidwa ndi amene msana wake udaŵaŵa nazo. Ndipo zimagwirizana ndi zimene sayansi imanena, pakuti madzi amafuna nthaŵi kuti asolole tannin m'khungwa lophwanyika, ndipo tannin amagwira ulusi ndi kuda akakumana ndi mpweya pouma. Kunyika kamodzi kumangopaka kunja.

Ulendo wachiŵiri tidautsata monga adanenera. Agogo aakaziwo adakana kuti tisinje tokha. Adakhala pampando pafupi ndi mtondo, akutiuza kuti apa mpoti muonjeze, apa mpoti muleke, natsina khungwalo ndi zala kuti amve kufeŵa kwake. Muyeso wa madzi adaunena ndi dzanja pa khosi la mtsuko, ndipo ine ndidauyesa ndi chigubu kuti ulembeke m'kope: mbale ziŵiri za khungwa losinja pa malita 5. Tidakonza tizingwe tinayi tatsopano, kosanyika, konyika kamodzi, konyika kaŵiri ndi konyika kanayi, ndipo tidatimangirira kuseri kwa bango kumayambiriro kwa Malichi.

Mu Epulo mfumu idatsegula chilumba, mabwato adaoloka, ndipo ine ndidaoloka nawo pa chilimila cha amalume anga. Foni idagona m'chikwama, pakuti ku Mbenji munthu amagwa tulo asadatsuke m'manja. Chidebe cha mchenga ndidachisiya m'manja mwa mng'ono wanga, ndipo ndiye ankalemba m'kope Loŵeruka lililonse. Kosanyika kadaduka koyamba monga kale. Konyika kamodzi kadatsatira, kenaka konyika kaŵiri. Pamene ndinkabwera kumtunda mu Juni, mwera utayamba kuvuta, konyika kanayi kadali kakunyamulabe chidebe.

Ndidakamasula, ndidakatsuka ndere, ndi kukapereka kwa agogo aamuna. Adakakulunga ku zala za manja onse aŵiri, nakakoka pafupi ndi khutu, nakaluma pang'ono ndi mano a m'mbali amene adawatsalira. Kenaka adatumiza mwana kuti akaitane alongo awo. Aŵiriwo adakhala pamkeka umodzi akupatsirana kachingweko, ndipo adayamba kutsutsana. Agogo aamuna adati ka atate awo kadali kakuda koposa apa, motero phulusa lija liyenera kuti linkaloŵa ndithu pa kunyika komaliza. Agogo aakazi adati phulusa linkapita ku thelele, osati ku ukonde, ndipo kudako kunkabwera ndi utsi wa m'nyumba mmene ukonde unkapachikidwa m'dzinja. Zonse ziŵiri ndidazilemba, chilichonse pa mzere wake, ndipo bwazi wa tizingwe tina tinayi tidamudula mu Novembala.